Manja Awiri pa Lumo la Che Amisi

Ahmadi anafika pa shedi ya a Manson atanyamula kanthu kokulunga m'sokosi, nkhope ili ngati ya munthu wodzanena maliro amene waiwala dzina la womwalirayo.

"Sekuru, ine ndafa," anatero, akuwatchula agogo mwa Chishona.

"Akufa sabwera ndi magambutsi odzaza matope," anatero a Manson osadzutsa mutu pa nkhwangwa yomwe ankanola. "Ukafere uko, pano ukutsekereza makasitomala."

Shediyo ili kuseri kwa msika wa ku Amaveni, malata ochepa ndi benchi. Chikwangwani palibe, munthu amangotsata kulira kwa chitsulo. A Manson anakalambira pa mgodi waukulu wa ku Kwekwe, ndipo zaka zomalizira ankanola majombolo, zitsulo zazitali zija zoboolera mwala. Mgodi utayamba kutsokomola n'kumalavula anthu, iwo anatuluka ndi miyala yonolera m'matumba a ovolosi. Kuba ayi, ankatero eni ake, miyalayo inangowatsatira yokha ngati agalu. Kuyambira pamenepo ankanola chilichonse chobuntha m'tauniyo: mipeni ya m'mabutchala, masizasi a amayi osoka, mapiki a makorokoza, anthu aja okumba golide m'maenje amene kampani inawasiya. Ahmadi anali mmodzi wa makorokozawo.

Anakhuthulira sokosiyo pa benchi. Munagwa zibenthu ziwiri za nyanga ndi kachitsulo kofiira ndi dzimbiri.

A Manson anaika nkhwangwa pansi. Analizindikira, ndipo ndani wa ku Amaveni akanalephera? Linali lumo la Che Amisi, bambo ake a Ahmadi, lumo lopinda lachikale lija amanola pa lamba. Linachokera ku Mangochi m'thumba la jekete la bambo awo a Che Amisi, masiku amene anthu ankabwera wapansi kuno kwa Ashona. Linameta ndevu za komboni yonse ya mgodi Lamlungu lililonse. Koposa apo, mwana aliyense wa Chisilamu wobadwira m'derali, ikakwana sabata, tsitsi lake loyamba linkachoka ndi lumo lomweli, m'manja mwa Che Amisi. Amuna ena a mimba zawo, oyendetsa makombi onyamula anthu ndi ena ovala mataye ku Gweru, mitu yawo inadutsapo pamenepa.

"Galimoto yanji inaliponda?"

Ahmadi anakanda m'khosi n'kufotokoza, Chichewa chake chikupunthwa pa Chishona. Pa chitsulo cha lumolo panali malemba achizungu onyezimira ngati golide. Nyengo ina maenje atadzaza madzi, m'nyumba mulibe chilichonse, iye anayang'ana malembawo n'kuona kuti si ngati golide ayi, ndi golide amene. Anatenga mekyuli, madzi olemera aja makorokoza amagwirira golide m'mchenga, n'kupaka. Malemba anachokadi.

"Unapeza wochuluka bwanji?"

"Sikelo sinagwedezeke, Sekuru."

Chimene iye sanadziwe n'chakuti mekyuli sasankha mbale. Atamaliza golide analowa m'timisomali ta mkuwa togwira chigwiriro, n'kutidya mpaka kufumbutuka. Chigwiriro chinayasama, chitsulo chinagwa pa simenti n'kubenthuka. Pofuna kubisa mlandu, Ahmadi anapita nacho kwa mnzake wowotcherera mageti, amene anachigunditsa pa makina operera zitsulo mpaka nsonga inasanduka yabuluu. Atawona kuti zaipiratu, anakulunga zonse m'sokosi n'kuzisomeka kudenga, ndipo dzinja lonse denga linkadontha pomwepo.

A Manson anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu ndithu.

"Azungu anakumba dziko lino mpaka kumva fungo la Satana," anatero, "koma sanaganizepo zotsegula mgodi pa lumo. Iwe ndiwe injiniya. Nanga lero wakumbukira chiyani?"

"Mkazi wanga Audrey wachira. Mwana wamkazi. Baba anena kuti Lamlungu amumeta okha."

Mdzukulu woyamba wa Che Amisi, wobadwa agogo ake atatopa kale ndi kudikira. A Manson anakoka mpweya, n'kukankhira nkhwangwa ija kumbali.

Anayamba ndi dzimbiri. Anadontheza mafuta, n'kumapukuta ndi sanipepa wosalala, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa wodwala. Chofiira chinachoka, pansi pake panatuluka chitsulo chotuwa cha timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwalapo nthomba. Kenako anachita zimene amachita ndi chitsulo chilichonse chabwino: anachigwira kumchira n'kuchikhoma ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. Lumo lamoyo limaimba, kamawu kakang'ono kotalika. Ili linangoti thapu, ngati supuni yogwera m'phala.

Anatenga kagalasi kamene ogula golide amaonera miyala, n'kusuzumira. Mng'alu unalipo, wowonda kuposa tsitsi, kuyambira kukamwa kwa lumo pafupi ndi nsonga, pomwe panapsa paja.

"Ndamva kuti katundu wanga ali kwa okuba anzake."

Anali Che Amisi, ataima pakhomo ndi mkanjo wawo woyera ndi ndodo. Awiriwa anali pa usahwira, ubwenzi uja anthu a kuno anautengera kwa Ashona: mnzako amene ali ndi ufulu wokutukwana pagulu, n'kudzakhalanso woyamba kukumba manda ako. Anatsikira limodzi mu mgodi ali anyamata, ndipo chitukwanirane kuyambira pamenepo.

"Lowa, shehe wopanda mzikiti. Wakuuza ndani?"

"Mwana akayamba kundipatsa moni kawiri m'mawa umodzi, ndimakayang'ana m'bokosi. Liri kuti, chidakwa iwe?"

A Manson anawaonetsa. Che Amisi sanakalipe. Anatambasula dzanja kuti atole chitsulocho, ndipo apa ndi pomwe a Manson anaona bwino chimene anali akuchizemba ndi maso kwa miyezi. Dzanjalo linkanjenjemera. Osati pang'ono ngati la munthu wozizidwa, koma ngati likukana kanthu kwa munthu wosaoneka. Chitsulo chinagunda pa benchi kangapo chisanakwere m'mwamba.

"Lichira?" anafunsa Che Amisi.

"Nsonga yafa. Yapsa, yang'aluka. Ndikaisiya, tsiku lina idzathothokera pamutu pa munthu. Ndiyenera kudula, mwina zala ziwiri."

"Lumo la bambo anga ulidule?"

"Inu a ku Mangochi simudulana nsonga muli ana? Mwafa angati?"

Che Amisi anafuna kukwiya koma kuseka kunawapitirira. Kenako anayang'ananso chitsulocho.

"Manson, ndameta ana a anthu onse. Ana a ometa anzanga, ana a adani anga, ngakhale mbuzi iyi yandiwonongera lumo. Mdzukulu wanga wamagazi ndi uyu yekha amene ndidzamuone. Dula chimene udule."

Madzulo ake a Manson anapita kukaona mwana. Audrey, mkazi wa Ahmadi, anali asanatuluke m'chikuta, choncho anawaitanira pa zenera la kuchipinda. Ndi mwana wa ku Maglas, ku Zvishavane, wolankhula mosazungulira, ndipo Chichewa anachiphunzira pa apongozi ake omwewo.

"Sekuru, pali chimene ndikupempheni." Anatsitsa mawu. "Muwauze Baba kuti lumo lafa. Inu akukhulupirirani. Likafa lumo, adzalola kuti shehe angodula pang'ono ndi sizasi, mwambo n'kutha bwino, wina osachita manyazi."

"Iwo akudziwa kuti ukuganiza zimenezi?"

"Ndingawauze bwanji? Ndimawakonda ngati bambo anga ondibala. Koma manja mwawaona. Taonani apa."

Anasendeza mwana pa zenera n'kuvula kachipewa. Tsitsi lakuda, lonyowa ngati la mwanapiye, ndipo pakati pa mutu liwombo likugunda, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Pakati pa dziko lonse ndi ubongo wa mwanayo panali kakhungu kokha.

A Manson, amene sanasowepo chonena chibadwire, anangoti, "Ndamva, mayi."

Ndipo anamvadi. Mtsikanayo sankalakwa. Bodza lake linali lophweka: kungoti mng'alu wafika pamsana, basi. Ndani akanatsutsa? Anabwerera ku shedi akudziuza kuti angolikonza kuti lioneke bwino, mkuluyo azilisunga m'bokosi ngati chithunzi, koma kukamwa kwake alisiye kobuntha.

M'mawa anadula nsonga. Sanayandikire makina. Anagwiritsa ntchito gudumu la mwala lopukusa ndi dzanja, theka lili m'madzi, akuviika chitsulo kawirikawiri kuti chisamve kutentha. Buluu anatha, mng'alu unatha, ndipo kumapeto anakuzunguliza ngati chala. Anakhomanso ndi chikhadabo.

Lumo linaimba. Kamawu kake kanatuluka m'shedimo n'kukhala m'mwamba nthawi yaitali, koyera, ngati kakhala kakudikira pakhosi dzinja lonse. A Manson tsitsi linawaima. Anakhomanso kachiwiri, kungofuna kumva.

Zibenthu za nyanga zinali zitapindika. Anaziviika m'madzi otentha, n'kuzipana pakati pa matabwa mpaka zitawongoka, n'kuzimwetsa mafuta a nsatsi. Nyanga imene inkaoneka ngati chikhadabo cha nkhalamba inayamba kuwala, ndipo ataiyang'anitsa kudzuwa, kuwala kunadutsa ngati mu uchi. Timisomali tatsopano anadula ku waya wa mkuwa, n'kutikhoma mitu ndi kumbuyo kwa supuni mpaka lumo likutseguka mosalira, kutsekeka mosagwedera.

Pamenepo ntchito ya m'bokosi inali itatha. Koma kukamwa kunali kobenthukabenthuka ngati mano a eni shedi, ndipo munthu wonola kumuonetsa zotere kuli ngati kuika chikho patsogolo pa chidakwa. Anati angochotsa mabenthuwo, basi. Anathira madzi pa mwala, n'kugoneka lumo chafufumimba, msana ndi kukamwa zonse zikukhudza, n'kukankha.

Lumo linakana. Linkagwedera pamwala ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatenga kagalasi kaja n'kuyang'ana msana. Unali wodyeka mopendama, mbali imodzi kwambiri, ndipo kudyekako kunali kwakale, kosalala, kwa zaka zambiri za kunola. Anaganiza, n'kusinthira lumo ku dzanja lamanzere.

Linagona pamwala ngati lafika kwawo.

Ndiye kunali kumvera. Akakankha mwa chizolowezi chawo, lumo linkadandaula. Akalola kuti mkono ukhote pang'ono kumapeto, ngati munthu wopalasa bwato, linkayenda lokha, madzi akuthamanga patsogolo pake. Kukhota kumeneko sikunali kwa a Manson, ndipo sikunali kwa Che Amisi, amene ndi wamanja. Kunali kwa munthu amene anagona m'manda a ku Kwekwe kalekale. Mafupa ake mwina anatha, dzina lake pa mwala linafufutika, koma mmene ankapindira mkono munatsala m'chitsulo, ndipo lero ankaphunzitsa nkhalamba ina kunola. A Manson anayang'ana kumbuyo kwawo, masanasana, anthu akugula tomato panja.

Che Amisi atabwera kudzazonda, a Manson anafunsa, "Bambo ako anali amanzere?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa. "Wakuuza ndani? Anawamenyera zimenezo ali mwana mpaka anasiya. Kudya, kumeta, kupereka moni, zonse kumanja. Koma ponola ankatseka chitseko."

"Andiuza okha."

Munthu wouzidwa chinsinsi ndi wakufa angasiye ntchito pakati? A Manson anachoka pa mwala wokhakhala kupita pa wosalala, kuchoka apo kupita pa sileti yakale ya kusukulu imene ankaisunga m'nsanza ngati ndalama. Phokoso linkachepa mwala uliwonse, mpaka pa sileti linangotsala ngati mpweya wa munthu wogona. Anamalizira pa lamba wachikopa amene kale ankamangira nyali ya mu mgodi. Pomaliza anayendetsa lumo pamwamba pa mkono wawo, osakhudza khungu. Ubweya unagwa wokha, ngati wakomoka ndi mantha.

Apa ndi pomwe anakumbukira Audrey. Anali atapanga chinthu chakuthwa kuposa chilichonse mu Kwekwe, choti akachipereke m'manja ovina. Bodza linali likadalipo, koma tsopano linkafunika kunenedwa pamaso pa lumo loimba, ndipo pakamwa pawo, pamene panadutsa mabodza osawerengeka a m'mabawa, panakana limeneli.

Loweruka anapita nalo kwa Che Amisi. Anapeza bambo ndi mwana wake pakhonde, Audrey ali pa zenera lake.

"Lachira," anatero a Manson. "Koma mayi wa mwana ali ndi mantha, ndipo ine ndili nawo. Usandiyang'ane choncho, Amisi, manja akowo si chinsinsi, ngakhale nkhuku zikuwadziwa. Uyambe wameta ine. Ukandipha, mwana wapulumuka, ndipo tauni yapumula."

Audrey anabisa nkhope. Che Amisi anayang'ana mpongozi wawo, n'kuyang'ana mnzawo. Anaitanitsa madzi ofunda ndi sopo.

A Manson anakhala pa mpando, n'kupereka tsaya. Anamva chitsulo chikufika, chozizira, chopepuka. Kukoka koyamba kunayenda bwino, ndevu zikuthothoka mopanda phokoso. Kwachiwiri chimodzimodzi. Kwachitatu dzanja linadumpha.

Sanamve kuwawa, lumo lotere silipweteka. Anangoona maso a Ahmadi akukula, kenako chofunda chikutsikira m'khosi, thovu la sopo likusanduka lofiira.

Che Amisi anapukuta lumo pa nsalu, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pa mpando. Anakhala pansi pa sitepe, manja ali pakati pa maondo ngati akuwabisa kwa apolisi.

"Itanani shehe ndi sizasi yake," anatero chapansipansi. "Mwana wanga Audrey, unali ndi nzeru. Manson, walikonzera chabe."

Palibe anaseka. A Manson anali atakanikiza nsanza pa tsaya, akuyang'ana msana wa mnzawo utapindika. Msana umenewo ankaudziwa. Anauyang'ana zaka zambiri m'kuwala kwa nyali, pansi pa nthaka, mnzawoyo atakumbatira makina oboolera mwala amene ankagwedeza munthu mpaka mano kuguguda.

"Amisi, makina aja ankanjenjemera kapena ayi?"

"Usandiseke lero."

"Ndikufunsa. Ankanjenjemera kuposa iwe kakhumi. Nanga bwanji bowo linkalowa pomwe kapitawo waika choko?"

Che Amisi anadzutsa mutu pang'ono. Pa ntchito imeneyo ankakhala awiri. Wina ankagwira makina kumbuyo, wina ankagwira jombolo kutsogolo ndi manja ake, kuti isavine pamwala mpaka italuma. Wa kutsogoloyo sankaboola, sankawongolera. Ankangomwa kunjenjemerako ndi mikono yake. Ndipo poti m'phokoso lija munthu sakanamva mnzake, ankalankhulana ndi zigongono.

"Wa makina unali iwe, wa jombolo ndinali ine," anatero a Manson. "Ahmadi, bwera kuno ndi mutu wako. Unafuna mgodi, lero mgodi ndiwe."

Ahmadi anayang'ana magazi a pa kolala ya a Manson, n'kuyang'ana mkazi wake kuti amupulumutse. Audrey anangoti, "Gara pasi," kutanthauza kuti akhale pansi, ndipo anakhaladi.

Anamupaka sopo. Che Amisi anagwira lumo. A Manson anaima kumanja kwawo, phewa kuphewa, n'kuzinga dzanja lawo pa mkono wa mnzawo, pamwamba pa mfundo, chigongono chawo atachitsamiritsa m'nthiti. Kunjenjemera kunalowa mwa iwo ngati magetsi, kukwera mkono, kukathera m'chifuwa. Poyamba anagwira kwambiri, lumo linaima.

"Ukundimanga, galu iwe. Masula."

Anamasula pang'ono. Dzanja linayamba kuyenda, ndipo a Manson anaona kuti pansi pa kunjenjemera konse kuja luso linali likadalipo, lonse, losatha ngakhale pang'ono, ngati madzi oyera pansi pa mafunde. Zala za Che Amisi zinkadziwa pokoka khungu, popendeka chitsulo, pokhota kuseri kwa khutu. A Manson ankangotsatira. Chigongono chikawagunda kamodzi, ankadziwa kuti tikukwera. Kawiri, tikubwerera. Tsitsi la Ahmadi linkagwa m'mizere, fumbi lofiira la kumaenje likutuluka ndi thovu.

Atamaliza, mutu unali wosalala ngati dzira. Audrey anaitana mwamuna wake pa zenera, n'kuugwira ndi manja awiri, kuutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika. Anayang'ana kuseri kwa makutu, m'khosi, pa chipsera chakale cha mwala. Panalibe ngakhale kadontho.

Anauyang'ananso kachiwiri. Anthu atatu panja ankadikira ngati pa khoti.

"Mwana ndimunyamula ine," anatero. "Lumo mulitsuke ndi sipiriti ine ndikuona. Ndikati basi, ndi basi, ngakhale mutameta theka. Ndipo Sekuru Manson, usiku uno mowa ayi."

"Mayi, chilango chimenecho n'choposa cha Ahmadi."

Lamlungu m'mawa bwalo linadzaza. Amayi a mipango yoyera anakhala pa mikeka, amuna a zisoti m'mbali mwa mpanda, mbuzi ya sadaka ili kale m'miphika kuseri. Ena anadabwa kuona a Manson, munthu wolowa m'tchalitchi pa maliro pokha, atavala jekete, tsaya lili ndi pulasitala, akusamba m'manja mpaka m'zigongono pambali pa Che Amisi. Shehe anawayang'ana, n'kuyang'ana manja a Che Amisi, n'kungosendera kuti apeze malo.

Audrey anakhala pa mpando, mwana ali pa miyendo, mutu uli m'zikhatho zake. Shehe anapemphera n'kutchula dzina: Anisa. Che Amisi ananyowetsa kamutuko ndi madzi ofunda, n'kunong'ona Bisimila, n'kutsegula lumo. A Manson anagwira mkono.

Anayambira kumanja, pamwamba pa khutu. Kufupika kwa lumo kunathandiza, linkakhota pa kamutuko mosavuta. Tsitsi silinkamveka n'komwe, linkangotsetsereka pa chitsulo ngati mwaye wonyowa, pansi pake n'kumatuluka khungu limene dzuwa linali lisanalionepo, timitsempha tikuoneka ngati mitsinje pa mapu. Mwana anakwinya nkhope, n'kuyasamula, n'kupitiriza tulo. Bwalo lonse linali zii. Kumsewu kondakitala wa kombi ankakuwa za ku Mbizo, koma zinkamveka ngati za dziko lina.

Anazungulira kumbuyo, anakwera kumanzere. Kunatsala kachilumba kakuda pakati, ndipo pansi pake liwombo likugunda.

Chigongono cha Che Amisi chinagunda kamodzi, koma dzanja silinapite. Kunjenjemera kunakula, kunafika m'mano mwa a Manson. Anaona zala za Audrey zikulimba, milomo yake ikutseguka kuti inene liwu lija. Mayiyo anayang'ana apongozi ake, n'kuyang'ana a Manson, n'kutsekanso pakamwa.

A Manson anasendera mpaka nthiti zawo zinagunda za mnzawo. Pansi pa chala chawo chachikulu ankamva mtsempha wa Che Amisi ukugunda, wolemera, wochedwa. Patsogolo pawo liwombo linkagunda mofulumira ngati la mbalame. Anaona kuti mkuluyo sankachita mantha chabe ayi, ankawerenga. Ankadikira kuti aphunzire kuvina kwa kakhunguko. Likakwera, lumo linkadikira m'mwamba. Likatsika, lumo linkatsika nalo n'kutenga tsitsi pang'ono. Kukwera, kudikira. Kutsika, kutenga. A Manson, amene anaonapo golide akuyenda ngati phala m'ng'anjo, amene anaonapo mwala waukulu ngati basi ukugwa pomwe anali ataima, anazindikira kuti sanaonepo kanthu. Chitsulo chimene chikanadula chikopa cha ng'ombe chinkayenda pa chitseko cha moyo wa munthu, ndipo mwini moyoyo ali m'tulo. Anaiwala kupuma.

Katsitsi komaliza kanagwera pa nsalu yoyera.

Audrey anawerama n'kuyendetsa milomo yake pa mutu wonsewo, pang'onopang'ono, kufunafuna pamene pangakhale ponyowa. Anadzutsa nkhope misozi ili mbwee, n'kugwedeza mutu kuti palibe. Amayi anayamba nthungululu, mwana anadzidzimuka n'kulira mokwiya, ndipo amuna onse anayankhira pamodzi kuyamika Mulungu.

Che Amisi anafuna kupinda lumo koma mkono sunkatheka kusuntha. Anayang'ana pambali. A Manson anali chiimire, maso ali pa kamutu kowalako, zala zitakanirira pomwe zinali.

"Manson," anatero Che Amisi chapansipansi. "Tamaliza. Ndibwezere dzanja langa."